Bonsai wowauka ndi chisanu musathamangire kumudula

Achimwene, mwati timitengo ta bonsai (timitengo todzalidwa m'timbale n'kumaduliridwa kuti tisatalike) ta abwana anu ku Johannesburg tada masamba chisanu chitagwa usiku, ndipo pena pakuoneka tizilombo toyera ngati thonje. Choyamba, sizasiyo ibwezereni m'thumba.

Nthambi zowaukazo zikutchinjiriza zamkati, ndipo Juni ndi Julayi kumeneko chisanu sichigwa kamodzi. Mukadula lero, mtengo utulutsa timphukira tanthete, chisanu chotsatira n'kudzamaliziratu. Dikirani Sepitembala. Pofuna kudziwa ngati ukadali moyo, kandani khungwa pang'ono ndi chikhadabo: mkati mukakhala mobiriwira, ulipo. Mukapeza mouma, tsikani m'munsi mukandenso. Feteleza ayi mpaka utaphukira wokha.

Chimene ambiri sachiganizira ndi kambale. Mtengo wa m'munda mizu yake imabisala pansi pofunda, koma bonsai ali m'kambale kosaya, ndiye kuzizira kumalowera m'mbali ndi pansi pomwe. Madzulo tsitsani timbaleto pa shelefu, tiikeni pakhonde pafupi ndi khoma, mufunditse nsalu yotchingira chisanu kapena chiguduli. Pulasitiki yokhudza masamba imangowonjezera vuto. Muzithirira m'mawa, osati kukamada, ndiponso pokhapokha dothi likauma.

Komatu si onse ofuna kubisidwa. Kachere, spekboom (kamtengo ka timasamba tonenepa tamadzi) ndi mlambe amaopa chisanu kwambiri. Mlambe ukayoyola masamba musauthirire n'komwe, umawola mizu. Juniper (mtengo wofanana ndi mkungudza) ndi white stinkwood (mtengo wa komweko woyoyola masamba nthawi yozizira) asiyeni panja. Kuwasunga m'nyumba yofunda ndiye kuwafooketsa.

Toyerato ndi kodikodi, m'bale wake wa ujatu amavuta pa chinangwa kumudzi. Nyowetsani kathonje ndi spiriti, mumupukute mmodzimmodzi, makamaka m'mphanda za nthambi ndi kunsi kwa masamba. Kenako poperani madzi a sopo pang'ono kapena mafuta a nimu madzulo, n'kubwereza kamodzi pa sabata kwa masabata atatu, chifukwa mazira amaswa pambuyo. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pathunthu, thanani nazonso, ndi zimene zimaweta tizilomboti. Kukayamba kutentha ndi kuuma, gwedezani nthambi pamwamba pa pepala loyera. Timadontho tikamayenda, ndi akangaude ofiira, ndipo amadana ndi kuwazidwa madzi kunsi kwa masamba.

Abwanawo auzeni lero lomwe, muwaonetse pobiriwira paja mwakanda. Timitengo tina tatenga zaka 20 kukula, asadzati munataya dala kapena munabisa.