Kachipangizo kotumizira mauthenga m'nyumba: kakuyaka koma uthenga sukupita

Funso: Ndinapatsidwa kachipangizo kam'manja kolembedwa kuti Zipit, kokhala ndi sikirini yaing'ono ndi mabatani olembera. Akuti mwana wanga angathe kumalemberana ndi anzake ali m'nyumba popanda foni. Kakuyaka bwinobwino, koma ndikafuna kulowa kakukana. Kodi ndakachuna molakwika, kapena kanafa?

Yankho: Mayi, musathamangire kukamasula, ndipo musawononge ndalama kwa wokonza. Mwina kachipangizoko kalibe vuto lililonse.

Tizipangizo totere tinatchuka m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, mafoni amakono asanafale, ndipo tinali ta mitundu iwiri. Motorola IMfree, imene inatuluka mu 2003, inkabwera ndi kabokosi kolumikiza ku kompyuta kudzera pa USB. Kam'manjako kankalankhula ndi kabokosiko, ndiye kompyuta ikazima, macheza athera pomwepo. Zipit inali ya mtundu wina: inkalumikiza yokha ku Wi-Fi ya m'nyumba, osadalira kompyuta. Ngati yanuyo ndi ya mtundu wotchedwa Z2, inatuluka mu 2007.

Chofunika kumvetsa n'chakuti uthenga suchoka m'manja mwa mwana wanu n'kulunjika kwa mnzake. Umadutsa pa rauta, n'kulowa pa intaneti, n'kukafika pa seva, kompyuta yaikulu ya kampani imene ikuyendetsa machezawo, ndipo sevayo ndi imene imaupereka kwa mwini wake. Zipit inapangidwira AOL Instant Messenger, MSN Messenger ndi Yahoo Messenger. Zonse zitatuzi zinatsekedwa. Microsoft, mwini wa MSN Messenger, inasamutsira anthu ake ku Skype mu 2013, AOL inatseka yake pa 15 December 2017, Yahoo pa 17 July 2018. Kachipangizo kanu kakufanana ndi munthu amene wanyamula kalata kupita nayo ku positi ofesi imene inagwetsedwa kalekale. Ngakhale mutalemba pasiwedi molondola motani, kulibe woilandira.

Pali njira yosavuta yodziwira pamene pakukanika. Onani ngati kakuona dzina la Wi-Fi yanu n'kulumikiza. Kakalumikiza kenako n'kukana pamene mukulowetsa dzina la akaunti, ndiye kuti vuto ndi seva ija, ndipo palibe mmisiri amene angaikonze. Kakamakana pa Wi-Fi penipenipo, chifukwa chake nthawi zambiri ndi ukalamba wake: kamangomva mafunde a Wi-Fi a 2.4 GHz, sikaona n'komwe netiweki ya 5 GHz, komanso sikadziwa chitetezo cha WPA3 chimene chinabwera mu 2018. Ena adzakuuzani kuti mutsitse chitetezo cha rauta mpaka pa chakale chotchedwa WEP kapena muchotseretu pasiwedi. Chonde musatero. WEP inathyoledwa kalekale, ndipo mungatsegulire aliyense khomo la intaneti yanu chifukwa cha kachipangizo kamene sikatumizabe uthenga.

Sikoyenera kutaya kudzala ayi. Anthu okonda kuseweretsa zamagetsi amaikamo Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, mu Z2 n'kumaphunzirirapo, ndiye ngati pali wachinyamata wa mtima umenewo, mupatseni. Koma yambani mwaona batire. Ikakhala kuti yafufuma mpaka kukankha chivundikiro, musaichajenso ndipo musaiboole, chifukwa batire ya lithium yotere imatha kuyaka moto.

Funso: Nanga ndichite bwanji kuti mwanayu azilemberana nafe komanso anzake ali pakhomo, koma asakhale ndi foni yoyenda nayo paliponse?

Yankho: Maganizo amene anapangitsa kuti tizipangizo tija tikhalepo ndi abwino mpaka lero, ndipo ine ndimagwirizana nawo kwambiri. Lero ntchito yomweyo imagwiridwa ndi foni yakale ya Android imene mwaichotsa SIM khadi. Popanda khadi, foniyo imangogwira ntchito pamene Wi-Fi yanu ikufika. Mwana akatuluka nayo pakhomo, mauthenga amaima, pokhapokha italumikiza ku Wi-Fi ina.

Yambani ndi kusunga zithunzi ndi manambala anu kwina, kenako fufutani zonse kuti foni ibwerere mmene inalili ili yatsopano. Dziwani pasiwedi ya akaunti yanu ya Google musanafufute, chifukwa foni ikhoza kuifunsa ikayakanso. Ilumikizeni ku Wi-Fi, ndipo musaiwale kuona tsiku ndi nthawi. Foni imene yakhala nthawi yaitali mu dirowa imatha kusokoneza deti, ndipo deti ikalakwika mapulogalamu a mauthenga amakana kulumikiza. Anthu ambiri amavutika tsiku lonse ndi kanthu kameneka. Mukatha, ikani Family Link ya Google, imene imakulolani kusankha mapulogalamu amene mwana angaike komanso ola limene foni izidzitseka usiku.

Pa nkhani ya WhatsApp pali zingapo zoti mudziwe. Malamulo ake amafuna munthu wa zaka zosachepera 13, ndipo kuyambira mu October 2023 siigwira pa Android yochepera 5.0. Imafuna nambala ya foni, koma khadi la nambalayo silifunika kukhala m'foni ya mwanayo. Liikeni m'foni ina, landirani nambala yotsimikizira imene amatumiza, muilembe pa foni ya mwana, basi. Khadilo musalisiye lingogona, chifukwa makampani a mafoni amalanda nambala imene yakhala nthawi osagwiritsidwa ntchito n'kuipereka kwa wina, ndipo watsopanoyo akalembetsa WhatsApp, akaunti ya mwana wanu imatuluka.

Pali njira yachidule imene ndikupemphani kuti muipewe. WhatsApp imalola kulumikiza zipangizo zina mpaka zinayi ku akaunti imodzi, ndiye makolo ena amangolumikiza foni ya mwana ku akaunti yawo. Zikatero mwana amaona macheza anu onse, a kuntchito ndi a m'banja omwe, ndipo chilichonse chimene walemba chimapita m'dzina lanu. Ngati mwana sanafike zaka 13, onani ngati Messenger Kids ikupezeka kwanuko. Siifuna nambala ya foni, ndipo kholo limayang'anira anthu amene mwana akucheza nawo.

Funso: Pabalaza mauthenga akuyenda, koma kuchipinda chakumapeto akuchedwa kapena osapita kumene. Ndigule rauta ina?

Yankho: Musanagule, sunthani imene muli nayoyo. Rauta yobisidwa kuseri kwa wailesi yakanema, pansi, kapena m'kabati imataya mphamvu isanatuluke n'komwe m'chipindamo. Iikeni pamalo okwera, chapakati pa nyumba, kutali ndi zitsulo ndi magalasi akuluakulu odziyang'anira. Makoma a konkire amadya mafunde kwambiri kuposa a matabwa.

Ngati rauta yanu imaonetsa mayina awiri, lumikizani foni ya mwanayo ku 2.4 GHz. Liwiro lake ndi locheperapo, koma imafika patali ndipo imadutsa makoma bwino kuposa 5 GHz. Uthenga wolemba ndi kanthu kakang'ono kwambiri, sufuna liwiro. Dziwaninso kuti microwave imagwira ntchito pafupi ndi mafunde omwewo a 2.4 GHz, ndiye ngati mauthenga amaima nthawi imene yayatsidwa, rauta ichoke pafupi nayo.

Zikakhala kuti mauthenga akufika pokhapokha mwana akayatsa sikirini, vuto si Wi-Fi. Ndi foni imene ikugonetsa pulogalamuyo pofuna kusunga batire. Lowani pa zochunira za batire, pezani pulogalamu ya mauthengayo, n'kuilola kuti izigwira ntchito ngakhale sikirini itazima. Mukayesa zonsezi koma chipinda chija n'kumakanabe, pamenepo m'pamene mungaganize zogula kachipangizo kokulitsira netiweki, ndipo mukaike pakati pa rauta ndi chipindacho, pamene Wi-Fi ikadali yamphamvu.