Valavu imodzi kapena onse awiri?

Funso: Amakanika akuti valavu ya ekizozi ya njinga yanga yamoto yapsa. Ndisinthe yokhayo kapena onse awiri? Wakabaza, Katete.

Yankho: Achimwene, ya ekizozi ndiyo imapsa msanga chifukwa utsi wotentha umatulukira pamenepo, makamaka mpata wa tapeti (kampata ka pakati pa valavu ndi kachitsulo koikankha) ukathina. Hedi (mutu wa injini momwe muli mavalavu) ikachotsedwa, itembenuzeni pulagi ili momwemo, muthire palafini pa mavalavu. Ngati inayo, ya inileti (yolowetsa mpweya ndi petulo), sikudontha ndipo sikugwedera mu gaidi (kachubu komwe valavu imayendamo), isiyeni, ingoiperani ndi grinding paste. Koma ngati tcheni cha taimingi chinalumpha pisitoni n'kugunda mavalavu, sinthani onse awiri, kupindika kwake nthawi zina sikuoneka ndi maso. Pa masilu okha (timphira totchinga oilo pa mavalavu) musaumire, ikani atsopano onse ndi gasiketi ya hedi, apo ayi njinga izifuka utsi wabuluu. Mpata wa tapeti muuchune injini itazizira.