Jakisoni wojambulira mafupa: radiation tingaichepetse bwanji kwa mwana?

FUNSO: Mwana wanga ali ndi zaka 6, amalemera makilogalamu 20. Adokotala akuti akajambulidwe mafupa, koma adzayamba amubaya jakisoni wokhala ndi radiation. Kodi sangamuveke chovala cholemera chija cha ku X-ray kuti chimuteteze? Komanso ndikuyamwitsa mng'ono wake, palibe choopsa?
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mayi, chovala cha mtovu chija pano sichingathandize. Ku X-ray radiation (cheza chosaoneka ndi maso chimene chimadutsa m'thupi) imachokera m'makina, kunja kwa thupi. Pa kujambula kumene mukunenaku imachokera m'mankhwala amene alowa m'magazi, ndipo kamera imangolandira zimene zikutuluka m'thupi. Mwana atagona pansi pa kamera nthawi yaitali bwanji, radiation siwonjezereka. Pokhapokha akaphatikizapo CT (kujambula kwina kogwiritsa ntchito X-ray), chifukwa iyo ili ndi radiation yakeyake. Pamenepo funsani ngati ikufunikadi.

Nkhani yagona pa muyeso wa jakisoni. Mankhwala ake ndi technetium-99m, imene imatulutsa radiation, yophatikizidwa ndi mankhwala ena otchedwa MDP, amene amakamamatira m'mafupa. Munthu wamkulu kawirikawiri amabayidwa pakati pa ma MBq 500 ndi 740, kwina kuposerapo (MBq ndi muyeso wa mphamvu ya radiation ya m'mankhwalawo). Kwa mwana amawerengera kulemera kwake. Muyeso umene zipatala za ku North America zimatsata ndi ma MBq 9.3 pa kilogalamu, choncho mwana wanu angalandire pafupifupi 186. Onetsetsani kuti amukweza pa sikelo tsiku lomwelo, asangotenga nambala yakale ya m'buku la kuchipatala.

Koma musawaumirize kuti achepetse kupitirira apo. Mankhwala akachepa kwambiri chithunzi chimatuluka chosaoneka bwino, ndiye mwana walandira radiation pachabe, mwinanso n'kudzabayidwa kachiwiri. N'chimodzimodzi singano ikaphonya mtsempha: mankhwala amaunjikana pansi pa khungu m'malo moyenda ndi magazi. Akadandaula kuti pobayidwapo pakuwotcha, kapena mukaona pakutupa, nenani msanga. Kugwedezeka nakonso kumawononga chithunzi, choncho muuzeni kunyumba kuti kamera siluma, akungofunika kugona phee.

Mbali yanu yeniyeni ndi madzi. Akabayidwa mumadikira maola 2 mpaka 4 asanajambulidwe. Mankhwala amene sanamamatire m'mafupa amasefedwa ndi impso n'kukaunjikana m'chikhodzodzo, ndipo mkodzo ukakhalitsamo chikhodzodzocho chimalandira radiation yochuluka. Mumwetseni madzi pafupipafupi, azikodza kawirikawiri, akodzenso asanakwere pa bedi lojambulira. Mkodzo ukadonthera pa kabudula msintheni, chifukwa dontholo limawala pa chithunzi ngati nthenda ya fupa. Pitirizani kumumwetsa mpaka tsiku lotsatira.

Zotsalazo zimatha zokha. Mphamvu ya technetium-99m imatsika ndi theka pa maola 6 aliwonse, moti pakatha maola 24 pamatsala gawo limodzi mwa magawo 16, osawerengera zimene zatuluka ndi mkodzo.

Za kuyamwitsa musade nkhawa, wobayidwa si inu ndipo mkaka wanu sukhudzidwa. Muzisamba m'manja ndi sopo mukamuthandiza kuchimbudzi, ndipo usiku woyamba ana awiriwo asagone mphasa imodzi. Zikanakhala zosiyana mukanakhala kuti wobayidwa ndinu: mankhwala ena amafuna kuti mayi ayambe waimitsa kuyamwitsa kwa maola angapo, pomwe mankhwala otchedwa iodine-131 amafuna kusiyiratu. Ngati muli oyembekezera, auzeni a kuchipatala tsikulo lisanafike, mwina angakulangizeni kuti mwanayo aperekezedwe ndi bambo ake kapena azakhali.