Za kulipira munthu wotchuka kuti akutsatsireni tsabola

Achemwali, mwati mwayamba kupanga tsabola wa kambuzi wa m'mabotolo nde mukufunsa ngati n'chanzeru kulipira munthu wa ma followers ambiri pa Facebook kuti akutsatsireni, komanso kuti zinthu zimatchuka bwanji mpaka aliyense kumazikamba. Ine ndikuti ndalamayo muyambe mwaisunga kaye.

Mukuikumbuka Jerusalema ya Master KG ndi Nomcebo Zikode ija? Inatuluka kumapeto kwa 2019 ku South Africa ndipo kumeneko imaimbidwa ndithu, koma amene anaifikitsa dziko lonse ndi achinyamata a ku Angola a gulu lovina la Fenómenos do Semba, omwe mu February 2020 anajambula kavidiyo akuvina mbale za chakudya zili m'manja, uku akudya uku akuponda sitepe, pabwalo wamba basi. Masitepe ake osavuta, mwana ndi agogo omwe atha kutsanzira, nde nthawi ya Covid ija anamwino, apolisi, ansembe, aliyense anayamba kujambula yake. Pomwe pulezidenti wa South Africa a Ramaphosa amauza anthu kuti avine pa Heritage Day, tsiku lokondwerera chikhalidwe chawo, mu September 2020 moto unali utayaka kale, iwo anangosonkhezera.

Kwathu konkuno taonani a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa 1930, aimba moyo wawo onse ndi kagitala kawo. Namadingo anakhala nawo pansi mu 2020 n'kujambula nawo nyimbo zawo zakale zija, kenako kumapeto kwa 2021 nyimbo yawo ya Linny Hoo inaphulika pa TikTok mpaka kuonedwa kupitirira ka 80 miliyoni, pa nthawiyo eni ake analibe ndi foni ya intaneti yomwe. Apa munthu wotchuka anathandiza, sindikukana, Namadingo anali mlatho pakati pa agogo ndi achinyamata. Koma anachita zimenezo chifukwa nyimbozo amazikonda, zimachita kuoneka pankhope, ndipo amene anaiyendetsa mpaka kunja ndi anthu wamba omwe amaiyika pa timavidiyo tawo.

Nde pa tsabola wanuyo dzifunseni kuti ndani amene anthu amamukhulupirira pa nkhani ya zakudya, osati amene amangomuonera. Ine nditayamba kugulitsa chiponde ndinalipirapo munthu wina wodziwika, anaposta bwinobwino chithunzi chokongola, ma layiki mbwee, makomenti a "zili bho" osawerengeka, koma oitanitsa anali ochepa kwambiri chifukwa ambiri omutsatira anali ku Joni ndi m'maboma ena komwe sindikanatha kutumiza katundu, zinandiwawa mtima chifukwa inali ndalama ya mpamba. Amene anandiyendetsera bizinesi ndi mayi ena osunga ndalama ku banki m'khonde kwathu. Ndinawapatsa kabotolo kamodzi, tsiku la msonkhano anabwera nako n'kupaka pa buledi aliyense analawa, madzulo omwewo anaika pa sitetasi ndi pa gulupu ya amayi a kumpingo kwawo, ndipo m'gulupu imeneyo munali mphunzitsi yemwe anakauza anzake ku sitafu. Munthu wokhala m'magulu awiri atatu osiyana ngati ameneyo ndi golide achemwali, chifukwa nkhani ikamangozungulira pa anzanu omwewomwewo imafera pompo.

Inuyo mwayi wanu ndi waukulu kuposa wanga chifukwa tsabola amalawidwa pagulu. Pitani kwa anyamata a pachiwaya, ootcha kanyenya, amayi ophika nsima ya masana pafupi ndi maofesi, asiyireni botolo laulere likhale patebulo. Munthu akathira pa chipisi n'kumva kuyabwa kwa kambuzi ndi fungo lake lija afunsa yekha kuti ameneyu mwamugula kuti, nde pa botolopo pakhale dzina ndi nambala yanu zolembedwa zikuluzikulu zosafufutika ndi mafuta. Musaiwalenso ma admin a magulupu a WhatsApp a m'dera lanu, apempheni mwaulemu musanaposte, ena amachotsa munthu nthawi yomweyo.

Wotchukayo mudzamufune katundu akachuluka moti oda zambiri zitabwera tsiku limodzi mutha kukwanitsa, ndipo musanalipire akuonetseni kuti omutsatira ali mizinda iti, komanso alawe kaye tsabolayo. Chinanso onetsetsani zitsekerero, botolo likangodontha mafuta m'chikwama cha munthu m'minibasi nkhani imeneyonso ifika pa gulupu lomwelo tsiku lomwelo.