Achimwene akumwa ma ARV, koma ataya mtima: kodi mabungwe angathandize?

Funso: Achimwene anga anapezeka ndi kachilombo ka HIV chaka chatha ndipo akumwa mankhwala mokhulupirika. Thupi lili bwino, koma asiya kupita kudimba la mbatatesi, sagona usiku, ndipo posachedwapa anandiuza kuti kuli bwino angofa. Ndimamva kuti pali mabungwe omwe si aboma othandiza pa nkhani zotere. Kodi amachita chiyani, nanga ife akumudzi tingawapeze bwanji? Mlongo wodandaula, Bembeke, Dedza.

Yankho: Mayi, mawu onena za imfa aja musawatenge ngati nthabwala. Afunseni achimwene anuwo modekha koma mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, pakuti kufunsa sikumuika munthu maganizowo, koma kumamupatsa mpata wotula zakukhosi. Chotsani m'nyumba mankhwala opopera mbewu, ndipo muperekeze achimwenewo kuchipatala cha boma cha Dedza sabata yomwe ino, osadikira tsiku lokalandira ma ARV. Mukhozanso kuimba kwaulere ku Chipatala Cha Pa Foni.

Zomwe mwafotokozazi zikufanana ndi matenda a kukhumudwa, omwe ambiri amangowatcha kuganiza kwambiri. Ndi matenda ochizika, ndipo amagwira kawirikawiri anthu omwe ali ndi kachilomboka chifukwa cha mantha, kusalidwa ndi kusunga chinsinsi cholemera paokha. Madokotala aunikenso mankhwala omwe akumwa, chifukwa dolutegravir, yemwe ambiri akhala akulandira kuno ku Malawi kuyambira mu 2019, amasowetsa tulo anthu ena. Asasiye kumwa paokha.

Kunena za mabungwe, thandizo lawo lalikulu, m'kuona kwanga, ndi kukumanitsa munthu ndi anzake omwe anadutsa m'njira yomweyo. Bungwe la NAPHAM, lomwe linayambitsidwa mu 1993 ndi anthu omwe ali ndi kachilomboka, lakhala likulimbikitsa magulu othandizana m'midzi, momwe anthu amakambirana za kuulula kwa akazi kapena amuna awo, za kusalidwa ndi za kamwedwe ka mankhwala, ndipo magulu ena amayendetsanso banki mkhonde. Uphungu wa kuchipatala ndi wofunika, koma bambo yemwe wamwa ma ARV zaka 15, akulima ndi kuphunzitsa ana ake, akauza achimwene anu kuti nayenso anapezapo usiku wosagona, mawuwo amalowa pomwe a namwino sangafike. N'chifukwa chake mabungwe ambiri amaika m'zipatala anthu otchedwa ma expert client, omwe nawonso ali pa mankhwala, kuti azicheza ndi ofooka ndi kuyendera amene asiya kubwera.

Palinso njira ya Friendship Bench, yomwe inayambitsidwa ku Zimbabwe ndi Dr Dixon Chibanda ndipo yayesedwa m'zipatala zina za ku Lilongwe. M'njirayi mlangizi wophunzitsidwa amathandiza munthu kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi ndi kupeza chochita. Matenda akakula, a St John of God ali ndi malo othandizira odwala maganizo ku Lilongwe, komwe si kutali ndi Dedza.

Mabungwewa sapezeka mofanana paliponse, ndipo ntchito zawo zimadalira ndalama za opereka thandizo, choncho musataye nthawi kufunafuna maofesi awo. Khomo lake ndi komwe achimwene amalandirira mankhwala: funsani anamwino kapena alangizi a zaumoyo a m'dera lanu za gulu lomwe lili pafupi ndi Bembeke. Abambo ambiri amachita manyazi ndi magulu odzaza amayi, ndiye ngati akana, pemphani kuti expert client wamwamuna ayambe wacheza nawo paokha. Za kachilomboka musauze munthu wina popanda chilolezo chawo, ngakhale wachibale.