Kwa achimwene a ku Rosettenville amene akufuna kukwera mlongoti

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Zomba amene pano akukhala ku Rosettenville. Dzina ndalisunga. Analemba motere: "Achimwene, ndinaphunzira zamagetsi ku Nasawa, koma kuno ku Joni ndimangodalira maganyu oika mawaya m'nyumba za anthu. Ndinaona zithunzi zanu muli pamwamba pa mabwalo a mpira, lero Durban, mawa Polokwane. Ntchito imeneyi ndingailowe bwanji? Nanenso ndikufuna ndiziyenda."

Zikomo achimwene polemba ndi kufunsa za ntchito yanga yokonza nyali za m'mabwalo a mpira. Ndiyambira pa mawu anu omalizawo chifukwa ndi amene andiseketsa. Kuyenda timayendadi, koma walira mvula walira matope. Ku Durban ndapitako kosawerengeka, ndipo nyanja ndimaionera pa denga ndili womangirira lamba, sipanala ili m'manja. Kuchokera ku Johannesburg kukafika kumeneko pa msewu wa N3 ndi makilomita pafupifupi 570. Timanyamuka tambala asanalire, galimoto itadzaza zingwe, makatoni ndi mabokosi a zida, n'kukakumana ndi chifunga pa mapiri a Van Reenen. Ku Cape Town ndi makilomita pafupifupi 1,400 pa N1, ndipo katundu akachuluka za ndege timaiwala. Ku Polokwane ndi ku Mbombela timati m'pakhomo, poti ndi maola atatu kapena anayi basi. Tikafika, zimene timadziwa za tauniyo ndi geti la bwalo, chipinda chogona ndi sitolo yogulitsa nkhuku yootcha imene imatseka mochedwa.

Mpira weniweniwo sitiuonera kawirikawiri. Ife timalowa bwalo lili pululu, masiku a pakati pa sabata, ndipo zoyeza kuwala zimachitika usiku. Pa FNB Stadium ku Nasrec pamakwana anthu opitirira 90,000, ndipo pa 11 July 2010 dziko lonse linali maso pamenepo pamene Spain inagonjetsa Netherlands 1-0. Koma bwalo lalikulu ngati limenelo ukalipeza Lachiwiri 11 koloko usiku, umangomva mphepo ndi wailesi ya mlonda.

Tsopano za ntchito yeniyeniyo. Anthu ambiri amaganiza kuti timasintha mababu. Zimenezo zinali za akuluakulu amene anatiphunzitsa. Nthawi ya World Cup ya 2010 mabwalo ankawala ndi nyali za metal halide. Zinali zowala bwino, koma zikazima mwadzidzidzi sizinkayakanso pomwepo, zinkafuna zizizire kaye kenako zitenthenso pang'onopang'ono, mphindi 15 kaya kupitirira. Ku America mu 2013, masewero a Super Bowl ku New Orleans anaima mphindi 34 magetsi atathima mbali imodzi ya bwalo. Ndiye taganizani kuno, kumene mu 2023 kampani ya magetsi ya Eskom inkatizimitsira magetsi pafupifupi tsiku lililonse. Nyali ya LED imayaka nthawi yomweyo jenereta ikangolira, imadya magetsi ochepa, komanso ukhoza kuichepetsa kapena kuiphethiritsa chigoli chikalowa. N'chifukwa chake eni mabwalo akuchotsa zakalezo, ndipo n'chifukwa chake ife tili ndi pogwira.

Timababu ta LED tokhato sitifa wamba. Chimene chimatiyendetsa misewu ndi kabokosi kotchedwa driver, osati dalaiva wa minibasi ayi, koma kachipangizo kamene kamalandira magetsi a AC n'kuwasandutsa DC yoyezedwa bwino yoti LED idye. Adani ake ndi kutentha, madzi ndi magetsi obwera mwamphamvu modzidzimutsa. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo kuyambira October mpaka March mphezi za kuno mwaziona nokha. Mlongoti wachitsulo woima wokha pakona pa bwalo umachita ngati ukuziitana. Pamakhala kachida koteteza kamene kamalolera kupsa m'malo mwa driver, koma kakapsa nyali imayakabe, ndiye palibe amadziwa. Mphezi yachiwiri ikabwera imapeza chitseko chosatseka. Ku Durban vuto ndi lina: mpweya wamchere umadya mabawuti ndi dzimbiri, ndipo chinyezi chimalowera polowera waya ngati munthu anamanga mwaulesi. Ku Cape Town mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imagwedeza nyali mpaka imasiya kuloza pamene inalozetsedwa. Kulikonse kuli nkhunda, zimene zimakonda kumanga zisa ndi kuchita chimbudzi pa zipsepse za kumbuyo kwa nyali zotulutsira kutentha. Zipsepse zikatsekeka, nyali imadziphika yokha.

Ndikuuzeni za manyazi anga, mwina mungaphunzirepo. Pa bwalo lina laling'ono, limene sinditchula, nyali zisanu ndi imodzi za pa mlongoti umodzi zinkangofa. Ndinakwera, ndinasintha ma driver onse, ndinayatsa, zonse mbee. Ndinabwerera ku Joni ndikudzitama. Patangotha masabata awiri foni inalira: zafanso. Ndinapitanso, ndinasinthanso, ndikutukwana amene anapanga zipangizozo. Ulendo wachitatu ndinapita ndi bambo wina wachikulire wa ku Mozambique amene tinkagwira naye ntchito. Iye sanavale ndi lamba yemwe. Anatsegula bokosi la pansi pa mlongoti, anagwedeza ndi chala waya wa neutral, wobwezera magetsi, ndipo unali khwekhwerekhwe. Pa magetsi a mafezi atatu neutral ikamasuka, chipangizo choyenera kulandira mavoti 230 chikhoza kulandira oyandikira 400. Ine ndinakwera kawiri mamita ambirimbiri kukafuna vuto limene linali pa msinkhu wa bondo langa. Bamboyo sanandinyoze. Anangoti, "Yeza pansi usanakwere," n'kupempha kuti ndimugulire fanta.

Apa ndi pamene ndimaona kuti inu a mawaya a m'nyumba muli ndi poyambira pabwino kuposa mmene mukudziganizira. Munthu wodziwa kugwiritsa ntchito mita, wotha kutsata waya kuchokera pa bolodi mpaka kumapeto osalumpha, ndi amene timamusowa. Zimene muyenera kuwonjezera ndi za kompyuta. Nyali zambiri zimalamulidwa kudzera pa DMX kapena DALI, zimene ndi njira zotumizira malamulo ku nyali kudzera pa chingwe. Pa DMX chingwe chimodzi chimanyamula matchanelo 512, chimachoka pa nyali ina kupita pa inzake ngati mkanda, ndipo kumapeto kumafunika kachotsekera ka ma ohm 120. Kachinthu kameneko n'kotchipa, koma kakasowa nyali zimaphethira zokha ngati kwalowa mfiti. Nthawi zina nyali ilibe vuto lililonse, wina anangoipatsa nambala yoizindikirira yolakwika. Palinso anthu a wailesi yakanema. Diso lanu likhoza kuona kuti bwalo likuwala bwino, koma kamera yojambula zoonetsa pang'onopang'ono imagwira kuphethira kumene diso silingakuone. Choncho usiku timayenda pa udzu ndi mita yoyezera kuwala, malo ndi malo, kuyeza kogwera pansi komanso kolunjika kumene kamera imakhala, kuti nkhope ya goloboyi isakhale mumdima pamene wapakati akunyezimira.

Koma zonsezi simungazifike popanda mapepala, ndipo pamenepa sindikunyengererani. Pa geti la bwalo lalikulu munthu wa zachitetezo amayamba ndi fayilo ya mapepala anu, luso amalifunsa pambuyo. Satifiketi ya kumudzi imayenera kupita ku SAQA, bungwe loona za masatifiketi a maphunziro, kuti aione kuti ikufanana ndi iti ya kuno. Kenako pali trade test, imene anthu amaitchula kuti Red Seal. Amene akufuna kusainira ntchito yake yekha amalembetsa ku Department of Employment and Labour, ndipo malamulo a mawaya a SANS 10142-1 ayenera kukhala m'mutu. Pamwamba pa zimenezo pali maphunziro ogwira ntchito pamalo okwera ndi kalata ya dokotala yotsimikiza kuti thupi lanu likhoza. Chachikulu kuposa zonse ndi chilolezo chogwirira ntchito. Masiku 30 amene amatidindira mu pasipoti pa Beitbridge ndi ochezera, si ogwirira ntchito. Alipo mabwana amene angakutengeni opanda zonsezi, ndawaona. Amalipira theka, amakupatsani lamba wothetheka, ndipo tsiku limene mwagwa amaiwala kuti anakuonanipo.

Mantha okwera musachite nawo manyazi. Ine mpaka lero miyendo imanjenjemera pa makwerero khumi oyambirira, kenako imazolowera. Amene amandiopsa ndi mnyamata wosaopa chilichonse. Lamulo langa ndi lakuti swichi ndimazimitsa ndekha, ndimakhoma ndi loko wanga, kiyi ndimakwera naye m'thumba. Ndikazimitsa ndimadikirabe ndi kuyeza, chifukwa m'kati mwa driver mumatsalira magetsi oti akhoza kukugwedeza, ndipo kugwedezeka uli m'mwamba si nkhani yoseketsa. Kukangoyamba kugunda kumwamba timatsika, kaya bwana akalipe bwanji pa foni, kaya mpira ndi wa mawa.

Za pakhomo simunafunse, komabe ndinena. Mwana wanga anayamba kuyenda ine ndili ku Bloemfontein, ndinaonera pa WhatsApp. Kumudzi kukagwa zovuta, anzathu a ku Turffontein ndi Mayfair amasonkhana madzulo omwewo kusonkha ya basi, ine ndimangotumiza yanga pa foni ndili kutali. Kutchalitchi ena amandiyesa mlendo. Ndalama ya ulendo imathandiza ndithu, ngati suithera m'malesitilanti. Ine m'galimoto simusowa kapoto, ufa ndi usipa wouma umene amandibweretsera a pa basi ya ku Blantyre, ndipo anzanga a kuno amene ankandiseka pano amafunsa okha ngati ndaphika.

Ndiye mukandifunsa poyambira, ndinganene kuti musathamangire mabwalo akuluakulu. Funani kampani yoika nyali za LED m'mafakitale a ku Germiston kapena City Deep, m'malo oimika magalimoto, m'mabwalo a masukulu. Ma driver ndi omwewo, mavuto ndi omwewo, kungoti milongoti ndi yaifupi. Vomerani kukhala wapansi, wogwira chingwe ndi kutumiza zida m'mwamba, chaka chimodzi kaya ziwiri, uku mukukonza mapepala. Tsiku lina wokwera adzadwala, ndipo bwana adzayang'ana amene fayilo yake ili yokwana.

Mukamandiyankha mundiuze ngati satifiketi ya ku Nasawa ija muli nayo kuno, pamodzi ndi pepala la magiredi, kapena zinatsala m'sutikesi ya amayi ku Zomba. Ngati zinatsala, muwaimbire lero azipereke kwa munthu wodalirika wa pa basi, m'envulopu ya pulasitiki, osazipinda. Ine Lolemba ndikunyamuka kupita ku Mbombela, ndidzaona imelo yanu ndikatsika.