Ndatola mphete ya golide mumchenga, ndiigulitse?

Funso: Ndimakhala ku England ndipo ndimafufuza zitsulo m'mbali mwa nyanja ndi metal detector. Ndapeza mphete yaukwati. Mkati mwake muli nambala 750, tsiku ndi zilembo ziwiri. Kodi tsopano ndi yanga? — Wowerenga wa ku Bournemouth

Yankho: Musathamangire kwa ogula golide, bambo. Malinga ndi lamulo la zakuba, Theft Act 1968, kusunga chotola osayesako kufuna mwini wake kutha kutengedwa ngati kuba.

Itsukeni ndi madzi okha, osaikwecha, kenako muiyang'ane ndi galasi lokuza. 750 akutanthauza golide wa 18 carat. Kachizindikiro ka nangula kakusonyeza kuti inayesedwa ku Birmingham, mutu wa nyalugwe ndi London. Lembani malo ndi tsiku lomwe munaipeza.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amajambula mphete yonse, zolembedwa mkati zikuonekera, n'kuika pa Facebook. Pakutha pa tsiku "eni ake" akwana asanu! Inu onetsani kunja kokha m'magulu a m'deralo, dziwitsaninso oyang'anira gombelo. Wobwera atchule yekha zilembozo ndi tsikulo, kapena abweretse chithunzi cha ukwati chomwe mpheteyo ikuoneka pachala. Mukumane poyera, ndipo musamutchulire mtengo. Akathokoza ndi kangachepe, zili kwa iye.

Ikaoneka yakale kupitirira zaka 300, nkhani ndi ina. Lamulo la chuma chakale chotola, Treasure Act 1996, limafuna muuze coroner (mkulu wa boma wogamula nkhani za chuma chotere) pasanathe masiku 14, ndipo Finds Liaison Officer (wolemba m'kaundula zinthu zakale zomwe anthu atola) wa dera lanu akuthandizani.